Chitsime cha pachilumba chikayamba kutulutsa madzi amchere

Mwafunsa chifukwa chake chitsime chanu cha pachilumba chayamba kutulutsa madzi amchere, komanso ngati kuchikumba mozama kungathandize. Chonde musatero, vuto lingakule.

Madzi a mvula amene alowa m'nthaka ya chilumba amayandama pamwamba pa madzi amchere a m'nyanja yaikulu, amene amalowa pansi pa chilumbacho, chifukwa ndi opepukirapo. Akatswiri amawerengera ndi lamulo la Ghyben-Herzberg: madzi abwino akakhala mita imodzi pamwamba pa mlingo wa nyanja, pansi amafika mamita pafupifupi 40. Ndiye taganizani, mukapopa mpaka madzi atsika ndi theka la mita, mchere wapansiwo ukhoza kukwera mamita 20! Ndipo ukalowa suchoka msanga, umadikira mvula yambiri kuti iukankhire pansi.

N'chifukwa chake ku Bonriki, pa Tarawa m'dziko la Kiribati, anayala mapaipi obowolabowola chogoneka, osati kuya kwambiri, ndipo amapopa pang'onopang'ono pamalo aakulu, ngati munthu wotunga madzi apamwamba osavundula pansi.

Chimene ndimalimbikitsa kwambiri ndi kuyeza. Pali kachipangizo kokhala ndi chingwe chachitali kamene amakatsitsira m'chitsime, kamaonetsa nambala ya mmene madzi akudutsitsira magetsi. Nambala ikamakwera, mchere wayandikira, lilime lisanamve n'komwe. Lembani nambalazo mwezi ndi mwezi pamodzi ndi mvula imene yagwa, ndipo nthawi ya chilala chepetsani maola opopa. Zimbudzi nazo zikhale kutali ndi chitsimecho, chifukwa nthaka yamchenga imadutsitsa zonyansa mofulumira.