Ndani amakonza malo amene timaona mufilimu?

FUNSO: Akonzi, ndimakonda kujambula komanso kupala matabwa. Mnzanga akuti ndingathe kukhala production designer. Kodi ntchito yake ndi yotani, nanga ndiyambire pati?

YANKHO: Mnzanuyo sananame. Chilichonse chimene diso limaona kumbuyo kwa ochita sewero, kaya khoma, mpando kapena kapu yothyoka chogwirira, pali amene anachisankha, ndipo mkulu wa zosankhazo ndi production designer. Amawerenga nkhani yonse, n'kukhala pansi ndi dairekita komanso wa kamera kuti agwirizane za mitundu, malo ndi nthawi imene nkhaniyo ikuchitika. Akatero amajambula mapulani, amawerengera ndalama, n'kumatsogolera akalipentala, opaka penti ndi osaka katundu.

Udindowu unayamba kudziwika ndi William Cameron Menzies pa filimu ya Gone with the Wind ya 1939. Mu 2019 Hannah Beachler anakhala munthu wakuda woyamba kulandira Oscar, mphoto yotchuka ya mafilimu, pa ntchitoyi, chifukwa cha filimu ya Black Panther.

Chimene chimandikhudza mtima ine n'chakuti chipinda chimaulula mwini wake iye asanatsegule pakamwa. Kalendala ya chaka chatha imene yangosiyidwa pakhoma, nsapato za mwana pakhomo pomwe palibe mwana. Woonera amamva chisoni asanadziwe chifukwa chake.

Ambiri amayamba ndi kunyamula katundu ndi kupaka penti. Musanyansidwe nazo. Dziwaninso kuti ntchito imabwera ya kontirakiti, miyezi ina kumakhala zii. Phunzirani kujambula mapulani pakompyuta, thandizani anzanu opanga mafilimu aafupi, ndipo sungani zithunzi za chilichonse chimene mwamanga, poti olemba ntchito amayamba kufunsa zimenezo.