Yankho kwa amayi ofuna makina ozindikira poizoni mu mpweya

Amayi, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndisanayankhe. Mwanena kuti muli ndi nyumba ya zipinda 12 kuno ku Chipata imene mumagonekamo ana asukulu, ndipo kuseri kwake kuli chipinda chosungiramo chimanga; kuti munaona kanema pa Facebook wa makina ozindikira poizoni ndi tizilombo ta matenda mu mpweya, ndipo pali munthu amene akufuna kukugulitsani kabokosi kotero; komanso mwafunsa za makamera ndi waya wa magetsi wa pa mpanda. Za makamera ndi mpanda ena ayankha kale. Ine ntchito yanga ndi yoika mawaya a magetsi ndi maalamu m'nyumba ndi m'masitoro, choncho ndilankhula za mpweya basi.

Makina amene munaonawo alikodi, koma sali monga momwe wogulitsayo akunenera. Maiko olemera anayamba kuwalimbikira chifukwa cha zoopsa zimene zinawagwera. Mu 1995 gulu lina linatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa sarin m'masitima a pansi pa nthaka ku Tokyo, anthu oposa 10 anamwalira ndipo masauzande anavulala. Mu 2001 ku America kunatumizidwa makalata okhala ndi ufa wa tizilombo toyambitsa matenda a anthrax, anthu 5 anamwalira ndipo ena 17 anadwala. Pofika mu 2003 boma la kumeneko linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa BioWatch, imene makina ake ankakoka mpweya wa mumzinda kudutsa pa sefa, kenako munthu ankabwera kudzatenga sefayo tsiku ndi tsiku n'kupita nayo ku labotale kuti akaiyeze. Onani kuti ngakhale dziko la chuma chotero linafunikabe labotale ndi akatswiri kuti lidziwe chimene chili mu mpweya. Tsono munthu akakuonetsani kabokosi kokwana m'manja n'kunena kuti kalira pompo anthrax ikalowa m'nyumba, ndalama zanu musatulutse. Ndiponso anthrax imene tikuidziwa kuno siibwera ndi mdani. Mu 2011 anthu mazana anadwala ku Chama atasenda ndi kudya nyama ya mvuu zimene zinafa zokha mu Luangwa. Chitetezo chake n'chakuti wokuphikirani asagule nyama yosadziwika kumene yachokera.

Poizoni amene ndikumuopera pa nyumba yanu alowa ndi ana omwewo, ali m'mbaula. Ndikutero chifukwa cha zimene zinaonekera mwana wa mlongo wanga mu Julaye 2024, nthawi imene madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankatha pafupifupi tsiku lonse. Mnyamatayo ankagwira ulonda pa sitoro ina. Kanyumba ka mlonda kanali kakang'ono, ka chitseko chachitsulo, ndipo bowo lolowera mpweya analitseka ndi katoni chifukwa cha mphepo ya usiku. Ataphika nsima panja, analowetsa mbaula makala ali psuu, opanda utsi ngakhale pang'ono, n'kutseka chitseko. Mnzake womulandira ntchito m'mawa anamupeza ali gone pansi, atasanza, osayankha. Ku chipatala anamuika pa okosijeni ndipo moyo unapulumuka, koma kwa miyezi ingapo mutu unkamuvuta ndiponso ankaiwalaiwala zinthu. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti masiku awiri izi zisanachitike anabwera kunyumba akudandaula mutu, chizungulire ndi nseru, ife tonse tinati ndi malungo, ndipo atakayezetsa malungo osapezeka tinangoti ndi kutopa. Ine amene ndimaika maalamu m'nyumba za anthu sindinamufunse kuti usiku amawotha chiyani.

Mpweya umene unamugwetsawo ndi carbon monoxide. Umatuluka pamene makala, nkhuni, parafini, gasi kapena petulo zikuyaka pamalo operewera mpweya wabwino. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, ndipo ukalowa m'magazi umakakamira kuposa okosijeni maulendo oposa 200, kotero kuti munthu amafooka pang'onopang'ono mpaka miyendo kulephera kumufikitsa pa chitseko. Wogona tulo sadzidzimuka n'komwe. Anthu ambiri amakhulupirira kuti makala akasiya kufuka ndiye kuti ayera ndipo angathe kulowa m'nyumba, koma chikhulupiriro chimenechi ndi chimene chimapha. Kale m'migodi ya malasha ku Britain ankatsika ndi timbalame totchedwa canary, potsatira malangizo a katswiri John Scott Haldane, chifukwa kambalame kankayamba kugwa munthu asanamve kanthu, ndipo anasiya kutero mu 1986 pamene zida zamagetsi zinalowa m'malo mwake. Kachida kameneko lero kakugulitsidwa pa mtengo umene inu mungathe.

Tsono choyamba kugula ndi alamu ya carbon monoxide yoyendera batire. Ulendo womaliza ndinawagula ku Lusaka pa ndalama za pakati pa K400 ndi K700 imodzi, koma mitengo imayenda ndi dola, choncho funsani masitoro angapo a zamagetsi. Musanapereke ndalama tembenuzani alamuyo muone kumbuyo. Payenera kulembedwa EN 50291 kapena UL 2034, amene ndi maina a miyezo yovomerezeka ya maalamu otere, ndiponso chaka chimene inapangidwa kapena chimene idzathere mphamvu. Kachipangizo konunkhiza ka m'kati mwake kamakalamba ngakhale alamuyo ili m'katoni, kawirikawiri pakapita zaka 7 mpaka 10, ndiye imene yakhalitsa pa shelefu yadya kale mbali ya moyo wake. Yopanda zolembazi isiyeni ngakhale itatsika mtengo chotani, chifukwa alamu yabodza ndi yoipa kuposa kusakhala nayo: munthu amagona mtima uli m'malo pamene palibe chomulondera. Dziwaninso kuti batani loyesera limangokuuzani kuti batire ndi kulira kwake zili bwino, osati kuti kachipangizo konunkhizako kali moyo. Ndipo musadabwe ikapanda kulira nthawi yomweyo mutaiyandikitsa ku mbaula. Ya muyezo wa EN 50291 inapangidwa kuti mpweyawu ukakhala pa 50 ppm (ndiko kuti magawo 50 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wa m'chipinda) ilire pakati pa mphindi 60 ndi 90, pa 100 ppm pakati pa mphindi 10 ndi 40, koma ukafika pa 300 ppm ilire mphindi 3 zisanathe.

Pa malo oikapo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Alamu imodzi ya m'khonde siingadziwe zimene zikuchitika m'chipinda chotseka chitseko, pomwe ana amabisa mbaula m'chipinda, osati m'khonde. Ngati thumba lilola, ikani m'chipinda chilichonse chogona, pa khoma, molingana ndi mutu wa munthu wogona pa bedi, kutali ndi zenera. Ngati silikulola, yambani ndi kanyumba ka mlonda, zipinda zogundana ndi khitchini, ndi zimene zayandikana ndi jenereta, zotsalazo muzionjezera mwezi ndi mwezi Juni asanafike. Jeneretayo ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa mazenera ndi zitseko, paipi ya utsi italoza kutali ndi nyumba. Ndikudziwa kuti ambiri amaiika pa khonde kapena m'sitoro poopa akuba, koma kuli bwino kuimangira khola lachitsulo panja.

Alamu ya utsi ndi chida china, imakhala ku siling'i, ndipo mtengo wake umakhalako wotsika. Ngati mumaphikira gasi wa m'silinda, chida chake n'chinanso, ndipo chimaikidwa m'munsi pafupi ndi simenti chifukwa gasi ameneyu amalemera kuposa mpweya wamba. Zambiri za mtundu umenewu zimadalira magetsi a pa khoma, ndiye magetsi akapita nazonso zagona. Madzi a sopo opaka pa paipi ndi polumikizira sabata iliyonse adzakuonetsani thovu pamene pakutuluka gasi.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'funso lanu, ndipo palibe wachitchula, ndi chipinda cha chimanga chija. Ngati mumateteza chimanga kwa anankafumbwe ndi mapiritsi aja otuwa a aluminium phosphide, amene ena amagulitsa limodzilimodzi atakulunga m'pepala, dziwani kuti muli ndi mpweya wakupha pansi pa denga limodzi ndi ana a eni. Piritsi limodzi la magalamu 3 likakhudzana ndi chinyezi limatulutsa galamu imodzi ya mpweya wotchedwa phosphine, pamene muyezo umene wantchito amaloledwa kupuma m'maola 8 ku America ndi 0.3 ppm chabe. Mankhwala osukulutsa poizoni ameneyu kulibe. Achipatala amangothandiza thupi kuti lilimbe. Nyumba zathu zambiri makoma ake safika ku malata, choncho mpweya umadutsa pamwamba pa siling'i n'kutsikira m'zipinda zogona. Nthawi zina umamveka ngati adyo kapena nsomba yoola, koma mphuno si yodalirika, ndipo alamu ya carbon monoxide siinapangidwire ntchito imeneyi. Chida chenicheni choyezera phosphine chimadya masauzande angapo a kwacha ndipo chimafunika kuchikonza muyezo kawirikawiri, ndiye kwa inu n'chosafunika kugula. Chimanga chofuna mapiritsi chichoke pa nyumbayo, chikathiridwe kwina ndi munthu amene ali ndi chilolezo cha ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndipo mumuuze akuonetseni pepala lake. Kapena gulani matumba osalowa mpweya monga a PICS, amene anankafumbwe amafera m'kati okha popanda mankhwala, ndipo thumba limodzi limagwira ntchito nyengo zingapo ngati makoswe sanaliboole.

Kwa abambo ena amene poyankha funso lanu alangiza kuti mutseke mabowo onse a mpweya ndi kugula zophimba kumaso za asilikali, ndikupempha ndi ulemu wonse kuti malangizo amenewo awabweze. Nyumba zimene zimatetezedwa mwa kutseka ndi zija zikuluzikulu zokhala ndi makina opopa mpweya, kumene polowera mpweya amapaika pamwamba posafikika, amaikapo masefa, ndipo pakachitika ngozi panja amazimitsa makinawo kwa kanthawi. Ngakhale sefa yabwino kwambiri ya HEPA, imene imagwira fumbi ndi tizilombo pafupifupi tonse, siigwira mpweya wa poizoni. Chophimba kumaso chokhala ndi sefa wamba sichitchinga carbon monoxide, ndipo timasiki ta nthawi ya Covid-19 sititchinga mpweya wa poizoni uliwonse umene ndatchulawu. M'nyumba ngati yanu mabowo aja ndiwo chitetezo, ndipo ndi katoni yotseka bowo imene inatsala pang'ono kutilanda mwana. Yendani chipinda ndi chipinda muchotse nyuzipepala ndi nsanza zimene ana anafwatikamo, ndipo muwaonjezere mabulangete kuti asakhale ndi chifukwa chozibwezera.

Pomaliza, aphunzitseni anawo pamodzi ndi amayi owayang'anira chochita alamu ikalira. Atsegule chitseko ndi mazenera, onse atuluke, awerengane panja, ndipo asabwerere kukatenga foni kapena mabuku. Asachotse batire poganiza kuti alamu yasokonezeka. Anthu awiri kapena atatu a m'chipinda chimodzi akadzuka ndi mutu ndi nseru nthawi imodzi, n'kupezako bwino akatuluka panja, musayambe ndi kuganizira malungo kapena chakudya cha dzulo. Wokomoka musamumwetse mkaka kapena madzi, chifukwa angatsamwidwe. Mugonekeni chammbali pa mphepo ndi kuthamangira naye ku Chipata Central Hospital kapena chipatala chapafupi, ndipo mukafika nenani msanga kuti m'chipindamo munali mbaula, jenereta kapena mapiritsi a chimanga, kuti amuike pa okosijeni mosataya nthawi. Pitaninso ku ofesi ya ozimitsa moto ya khonsolo ya mzinda mukawapemphe adzayendere nyumbayo ndi kuona zitseko zothawira, makamaka ngati mazenera onse ali ndi zitsulo ndipo geti la khonde mumalikhoma usiku. Kiyi wa geti limenelo azikhala pa msomali umene mwana aliyense angaupeze ngakhale mu mdima.