Kodi vinyo amauma?

Wowerenga wina amene amaperekera zakudya mu lesitilanti ya zakudya za ku Italy ku Cape Town wafunsa kuti: "Aphunzitsi, kuntchito tinalawa vinyo wofiira wotchedwa Barolo ndi wina wotchedwa Amarone. Abwana akuti Barolo ndi wouma ndipo amakoma ndi chakudya cha m'dzinja. Kodi ndinganene choncho m'Chichewa?"

Ayi achimwene, pamenepo pali misampha iwiri. Chinthu chamadzi sichiuma chili m'tambula. Azungu akamati vinyo ndi wouma amatanthauza kuti shuga wa m'mphesa anatha pofulula, ndiye ife tingoti vinyo wosatsekemera. Musanenenso kuti wosasa, chifukwa vinyo wosasa ndi uja anapatsa Yesu pamtanda, amene lero timathira m'tchipisi.

Koma ndikuganiza kuti chimene munamva m'kamwa ndi china. Barolo amachokera ku Piemonte, kumpoto kwa Italy, ndipo amapangidwa ndi mphesa za Nebbiolo zokhazokha. Makoko a mphesazi amachititsa kuti lilime likhakhale, nkhama zimve ngati zakokedwa, monga zimachitikira ukaluma nthochi yosapsa. Kumeneko si kuwawa, si kuwawasanso. Nenani kuti vinyoyu amakhakhalitsa lilime. N'chifukwa chake lamulo la kumeneko limafuna kuti asungidwe miyezi 38 asanagulitsidwe, 18 mwa imeneyi ali m'migolo yamatabwa, kuti ukali uchepe. N'chifukwa chakenso amamwera nyama yang'ombe yonona, yophikidwa kwa maola ambiri mpaka kufewa: mafuta a nyamayo amafewetsa kukhakhalako. Anthu a ku Piemonte amathiranso vinyo yemweyo mumphika, n'kudyera nyamayo polenta, chakudya cha ufa wachimanga chofanana ndi nsima yathu koma chachikasu, ndipo nthawi zambiri chofewerapo.

Amarone ndi wa ku Valpolicella, pafupi ndi mzinda wa Verona. Kumeneko mphesa ndi zimene amaumitsadi, kwa miyezi itatu kapena inayi, asanazifinye. Mphamvu yake imafika 15 peresenti, motero mawu oti vinyo waukali amamuyenera bwino.

Msampha wachiwiri ndi dzinja, ndipo umenewu umakola ngakhale omasulira mabuku. Dzinja ndi nyengo yamvula, ya matope ndi kupalira, osati ya kuzizira. Chosokoneza n'choti ku Italy kumazizira kuyambira Disembala mpaka Febuluwale, miyezi yomwe kwathu kuli dzinja lenileni, koma kukutentha. Nenani kuti nyengo yachisanu kapena yozizira.

Pa za kuphatikiza vinyo ndi chakudya, tili kale ndi mawu athu: kutsitsira. Muthanso kunena kuti Chianti, vinyo wa ku Toscana, amayenderana ndi ribollita, msuzi wokhuthala wa nyemba, masamba ndi buledi wogona. Alendo akafika patebulo panu, afunseni kuti, "Nyamayi mutsitsira chiyani?"