A kochi, wezulo ikalira mpira uzithanso m'mutu mwanu

Kalata yomwe ndikuyankha lero yachokera kwa bambo wina amene masana amaphunzitsa kusekondale, madzulo n'kumaphunzitsa timu ya mpira ya m'ligi yaing'ono. Akuti timu ikagonja Loweruka, tulo sabwera mpaka Lachiwiri. Nsima amadya maso ali pafoni, ndipo mayi akunyumba afika powafunsa ngati anakwatira iwo kapena mpira. Funso lawo n'lakuti: kodi n'zotheka kukhala kochi wolimbikira osapasula banja kapena kudzipweteka, kapena angosiya?

A kochi, musathamangire kusiya. Koma zomwe mwalembazi musazitenge ngati kutopa wamba, chifukwa ntchito imeneyi yafooketsa anthu amene ali ndi ndalama, madokotala ndi owathandiza ambirimbiri. Pep Guardiola atapata zikho 14 m'zaka zinayi ku Barcelona, anatula pansi udindo mu 2012 n'kukakhala ku New York chaka chathunthu asanapite ku Bayern Munich. Jürgen Klopp analengeza mu Januwale 2024 kuti achoka ku Liverpool nyengo ikatha, timu ili pamwamba pa ligi, ndipo chifukwa chomwe anapereka n'choti mphamvu zikumuthera. Ngati amenewa anafika potero, nanga inu amene mumasakanso nokha ndalama ya minibasi?

Apo ndiye pagona nkhani. M'kalata yanu ndawerengamo kuti ndinu mumatolera majezi kukachapitsa, ndinu mumalemba mizere pabwalo ndi laimu, ndinu mumaimbira wosewera aliyense amene wajomba, komanso ndinu mumayankha masapota pagulu la WhatsApp mpaka pakati pa usiku. Mwa zonsezi, ntchito ya kochi ndi iti? Kumeneku mukukutcha kulimbikira, koma ine ndikuona kuti simukhulupirira munthu wina aliyense, ndipo n'zimene zikukudyani. Mutu umodzi susenza denga.

Alex Ferguson, yemwe anatsogolera Manchester United kuyambira 1986 mpaka 2013, anaphunzira zimenezi akadali kochi wa timu ya Aberdeen. Womuthandiza wake, Archie Knox, anamuuza kuti amusiyire kuyendetsa zokonzekera, iye aziima pambali n'kumayang'ana. Ferguson anavomera, ndipo anayamba kuona zinthu zomwe zinkamudutsa akamathamanga ndi wezulo kukamwa: wosewera amene wayamba kutsimphina, wina amene nkhope yagwa chifukwa cha za kunyumba. Ndiye kugawira ena ntchito sikuchepetsa ukochi wanu ayi. Majezi apatseni kaputeni. Za thiransipoti ndi za komiti, ndipo ikalephera, mpira ulephereke kamodzi kuti aliyense adziwe mbali yake. Pagulu la masapota lija tulukanipo, mlembi wa timu azikuuzani zofunika zokha. Munthu amene watukwana timu 11 koloko usiku safuna yankho lanu, akungotulutsa mkwiyo wake.

Za kusowa tulo, chimavuta n'choti maganizo amangobwereza chigoli chomwe chija. Mukafika kunyumba Loweruka, tengani kope mulembe zinthu zitatu zoti mukakonze Lachiwiri, mutseke, mulisiye m'chikwama cha mpira. Lamulungu likhale la banja lonse lathunthu, foni ili kuchipinda. Ndipo tsiku limeneli muwauze mayiwo kuti ndi lawo, osati kungoliganiza mumtima, chifukwa lonjezo lomwe munthu wina walimva limavuta kuliphwanya. Iwo sakudana ndi mpira. Atopa kukhala ndi munthu amene thupi lili pakhomo koma mtima uli kubwalo.

Chomwe chandidetsa nkhawa kwambiri ndi mawu omwe mwawaika kumapeto ngati osafunika, akuti mutu umakupwetekani kawirikawiri ndipo mtima umagunda mothamanga mpira uli mkati. Gérard Houllier, yemwe anali kochi wa Liverpool, anamva kupweteka pachifuwa pa nthawi yopumulira pamasewero a Liverpool ndi Leeds mu Okutobala 2001, ndipo anathera kuchipatala kukachitidwa opaleshoni yaikulu ya mtsempha wa pamtima. Sindikuti zanu n'zomwezo. Koma kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikuonetsa zizindikiro, ndipo kuyezetsa BP sikutenga ngakhale mphindi zisanu. Pitani kuchipatala sabata ino, masewero otsatira asanafike, ndipo mukawafotokozere adokotala za tulo ndi za mtimazo monga mwandifotokozera ine. Mukagawa ntchito, mukayezetsa, koma nyengo n'kutha tulo tisakubwerabe, pamenepo mupemphe komiti kuti womuthandiza wanu agwirizire timu nyengo imodzi inu mupume.