Kodi moyo wopanda chokoma ungakhale waphindu?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, amene wapempha kuti dzina lake tisatchule. Mwachidule akuti: "Amayi anga anadwala sitiroko zaka zitatu zapitazo ndipo wowasamalira ndine. Ndimawasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza usiku, kukacha n'kupita kukaphunzitsa. Aliyense amandiyamikira. Koma ine palibe chikundikomera. Kwaya ndinasiya, nsima ndimangomeza. Mnzanga wakumpingo akuti moyo si wa zosangalatsa, chachikulu n'chakuti ndikuchita zoyenera. Kodi akunena zoona? Kodi munthu amafunikadi chisangalalo kuti moyo wake ukhale waphindu?"

Mayi, mnzanuyo sananame, koma wasiyira panjira, ndipo mbali imene wasiyayo ndi imene ingakupwetekeni.

Tiyambe ndi pamene walondola. Mu 1974 katswiri wa ku America wa maphunziro a nzeru zakuya, Robert Nozick, anafunsa funso limene mpaka lero likuzunguza ophunzira. Tiyerekeze kuti pali makina amene akawalumikiza ku ubongo wako umamva kukoma kulikonse kumene ungafune, moyo wako wonse, osadziwa n'komwe kuti ndi zongopeka. Ungalowemo? Ambiri amakana. Inunso mungakane, chifukwa mukudziwa kuti nthawi imene mukusekerera m'makinamo amayi anu agonera mbali imodzi mpaka zilonda zabuka pamsana. Chimene mukufuna n'chakuti amayi asamalidwe zenizeni, osati kungomva ngati asamalidwa. Apa ndiye pamaonekera kuti phindu la moyo sitiliyeza ndi kuchuluka kwa zokoma.

Ofufuza anapezanso zofanana. Mu 2014 Shigehiro Oishi ndi Ed Diener anaunika mayankho a anthu a m'mayiko 132. Anthu a m'mayiko osauka ankati sakukhutira kwenikweni ndi moyo wawo poyerekeza ndi a m'mayiko olemera, komabe ndi iwo amene ankati moyo wawo uli ndi tanthauzo kuposa anzawo olemerawo, ndipo chipembedzo chinali chifukwa chachikulu. Choncho kukhutira ndi tanthauzo ndi mbale ziwiri zosiyana. Ina ikhoza kudzaza ina ili gwaa.

Koma kunena kuti chisangalalo si muyezo wa moyo n'kosiyana ndi kunena kuti n'chosafunika. Anthu amakonda kutchula Mlaliki pamene akuti anayesa vinyo, minda, oimba ndi chuma n'kupeza kuti zonse n'zachabechabe. Amaiwala kuti m'mutu 2 womwewo, ndime 24, akunena kuti palibe chabwino kwa munthu choposa kudya, kumwa ndi kukondwera ndi ntchito yake, ndipo akuti zimenezi n'zochokera kwa Mulungu. Akubwerezanso mfundoyi pa 3:13, 8:15 ndi 9:7. Chimene akutsutsa ndi kuthamangitsa zokoma ngati ndiye cholinga, osati kumva kukoma. Aristotle, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale, nayenso ankaona choncho: kukoma kumabwera kudzamalizitsa ntchito imene yagwiridwa bwino, sikukhala ntchitoyo.

Kwathu kuno nkhaniyi timaidziwira pa mphasa yodyera. Mwana wosusa ndiwo timamudzudzula chifukwa ndiwo zokha sizigoneka munthu. Koma palibenso mayi amene amaika nsima yokha n'kunena kuti idyani, chofunika n'kukhuta. Ndiwo ndi zimene zimatsitsa nsima. Munthu angathe kumeza mbamu zouma tsiku limodzi, mwina sabata, njala ikavuta. Inu mwameza zaka zitatu.

Tsopano mbali imene tikufuna muimvetse bwino, chifukwa kalata yanu ikunena zambiri kuposa funso limene mwafunsa. Kent Berridge wa ku University of Michigan anasonyeza kuti mu ubongo "kufuna" chinthu ndi "kukomedwa" nacho zimayenda njira zosiyana. Dopamine, kemikolo wa mu ubongo amene ambiri amamutcha mankhwala a chisangalalo, ntchito yake yaikulu ndi kukankha munthu kuti afune. N'chifukwa chake wotchova juga pafoni kapena womwa kachasu amapitiriza ngakhale kukoma kunatha kalekale: kufuna kwakula, kukomedwa kwafota. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati mnzanu uja amanena za zosangalatsa za mtundu umenewu, tikugwirizana naye. Koma zanu n'zina. Inu simukuthamangitsa kanthu. Zimene zinkakukomerani, kwaya ndi chakudya, zazizira. Madokotala vutoli amalitcha anhedonia, dzina limene Théodule Ribot wa ku France anayambitsa mu 1896, ndipo ndi chimodzi mwa zizindikiro ziwiri zikuluzikulu za matenda ovutika maganizo. Limagwira kwambiri anthu osamalira odwala kwa nthawi yaitali, ndipo limabisala bwino chifukwa munthuyo amaoneka wolimba, ntchito ikuyenda, anthu akuyamikira.

Dziyeseni ndi mafunso awiri amene achipatala amayambira. M'masabata awiri apitawa, ndi kangati pamene munalibe chidwi kapena simunakomedwe ndi zimene mumachita? Nanga ndi kangati pamene munali wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo? Funso lililonse lipatseni 0 ngati sizinachitike, 1 ngati ndi masiku angapo, 2 ngati ndi masiku opitirira theka, 3 ngati ndi pafupifupi tsiku lililonse. Mukaphatikiza n'kupeza 3 kapena kuposa, pitani kuchipatala akakufunseni mafunso onse 9 a pa fomu yotchedwa PHQ-9. Pa chipatala cha boma cha m'boma lanu funsani namwino woona za matenda a maganizo. Palinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pemphani akuyezeninso kuchuluka kwa magazi ndi shuga, ndi chithokomiro ngati n'kotheka, chifukwa zimenezi zikasokonekera zimafoola munthu mofanana. Akakupatsani mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti sagwira ngati Panado: pamatenga masabata awiri mpaka anayi kuti muyambe kuona kusintha, ndipo mukapeza bwino amafunika kupitiriza miyezi yosachepera 6. Ambiri amasiya sabata yoyamba n'kumati sakugwira ntchito. Ena fluoxetine amawazizilitsa mtima moti samva chisoni komanso samva kukoma. Zikatero uzani dokotala asinthe, musangosiya nokha. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwerani, musadikire masabata awiri aja, pitani lero lomwe ndipo uzani munthu mmodzi wapafupi.

Kaya mwapatsidwa mankhwala kaya ayi, pali njira ina imene mungayambe mawa ndi kope la ana asukulu. Akatswiri amaitcha behavioural activation, ndipo kafukufuku wa anthu 440 ku Britain amene anatuluka mu 2016 anapeza kuti imathandiza mofanana ndi uphungu wodula wa CBT, wothandiza munthu kusintha kaganizidwe kake. Sabata yoyamba musasinthe kalikonse. Ingolembani zimene mwachita m'mawa, masana ndi madzulo, chilichonse n'kuchipatsa malikisi awiri kuyambira 0 mpaka 10: oyamba a kukoma, achiwiri a phindu. Kusambitsa amayi mwina mulemba 1 ndi 9. Kuyang'ana Facebook pakati pa usiku, 2 ndi 0. Sabata ikatha muona ndi maso anu kuti mzere wa phindu wadzaza, wa kukoma uli mbee. Pamenepo sankhani zinthu zitatu zing'onozing'ono zimene zinkakukomerani kale, za mphindi 15 mpaka 30, ndipo chilichonse chipatseni tsiku ndi ola lake, monga mmene mumachitira ndi ndandanda ya maphunziro.

Pamene anthu amagwera ndi apa. Amadikira kuti mtima ufune kaye, pamene pa vutoli dongosolo limatembenuka: umayamba kuchita, chilakolako n'kumabwera pambuyo. Ena amayamba ndi zazikulu, ulendo wa kunyanja kapena phwando, zikakanika n'kugwa mphwayi. Ena amayesa kamodzi, osamva kanthu, n'kugamula kuti njirayi njabodza. Ndipo ambiri osamalira odwala amadziimba mlandu: ndingaimbe bwanji amayi ali gone? Yankho lake n'lakuti wosamalira amene watheratu amayamba kukalipa, kuiwala mankhwala ndi kudwala yekha, ndipo wovutika ndi wodwala yemweyo.

Chinanso chimene kalata yanu sinatchule ndi abale anu. Wodwala wosatha kudzitembenuza amafunika kutembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, ndipo munthu mmodzi sangachite zimenezi usiku uliwonse zaka zitatu n'kukhalabe bwinobwino. Tulo toduladula patokha timapha kukoma kwa zinthu. Mutu umodzi susenza denga. Itanani abale, ngakhale pa gulu la WhatsApp, ndipo musapemphe kuti "muzithandizako", chifukwa pempho lotero aliyense amavomera koma palibe amabwera. Tchulani zenizeni: usiku wa Lachiwiri ndi Lachisanu agone ndi amayi ndi uje, Loweruka masana maola atatu akhale ndi uje, amene ali kutali ku Joni atumize ndalama yolipira munthu wothandiza. Amayi a chigwirizano kapena a mvano akumpingo kwanu nawonso apatseni ola lenileni. Mnzanu uja akhale woyamba kumupempha.

Za kwaya, musayambe ndi kuimirira kutsogolo Lamulungu. Pitani ku pulakatisi ya pakati pa sabata, khalani benchi lakumbuyo mphindi 20, imbani nyimbo imodzi kapena ingomverani. Mukafika kunyumba lembani malikisi ake moona mtima, ngakhale akhale 1. Chitani choncho masabata anayi osadumpha, kenako yerekezani tsamba loyamba la kope lija ndi lomaliza. Ngati manambala a kukoma sanasunthe ngakhale pang'ono, tengani kopelo mukamuonetse namwino uja.