Concerto yachiwiri ya Rachmaninoff: nkhani yake ndi kamvedwe kake

Achimwene, funso lanu ndinaliona m'mawa, koma ndinati ndiyambe ndaweruka kuti ndikuyankheni nditakhala pansi, chifukwa nyimbo mwatchulayo ndi yapamtima panga. Kwa amene positi ija inawadutsa: achimwenewa akuti anapeza pa YouTube nyimbo yolembedwa kuti Rachmaninoff Piano Concerto No. 2, anaimvera mpaka kumapeto, ndipo chapakati pake anamva kamayimbidwe kofanana ndi nyimbo ina ya Celine Dion. Ndiye akufunsa kuti anatengera mnzake ndani, nyimbo yopanda mawu yopitirira mphindi 30 imakhala ikunena chiyani, komanso mwini bwalo ndani pakati pa woimba piyano ndi bambo wogwira kandodo uja.

Khutu lanu silinakunamizeni. All by Myself anaipeka ndi Eric Carmen wa ku America mu 1975, Celine Dion n'kudzaiimbanso mu 1996, ndipo Carmen anatapa mayimbidwe a mavesi ake m'chigawo chachiwiri cha concerto yomweyi. Sergei Rachmaninoff wa ku Russia anamaliza yake mu 1901. Mwini munda ndi iyeyo, enawo anangokunkha.

Concerto ndi nyimbo imene chida chimodzi chimaima patsogolo n'kumayankhana ndi orchestra yonse: mavayolini ndi abale ake a nsambo, zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Kawirikawiri imakhala ndi zigawo zitatu, choyamba chothamanga, chapakati chodekha, chomaliza chothamanganso. N'chifukwa chake mwaona oimba akuima kanthawi koma anthu osaomba m'manja, amangotsokomola n'kukhalanso chete: nyimbo imakhala isanathe. Bambo wa kandodoyo ali ngati woimbitsa kwaya, ntchito yake ndi kuti anthu makumi angapo apumire pamodzi. Koma mu concerto muonetsetse maso ake. Kawirikawiri amacheukira kwa woimba piyano, chifukwa uyo akachedwetsa pang'ono kapena kufulumiza, gulu lonse liyenera kumutsatira. Ufumu wake amagawana.

Pali chinthu chimodzi chokhudza piyano chimene mukachigwira, nyimbo zonsezi zimayamba kumveka mwina. Mukadina kiyi, kanyundo kamamenya nsambo kamodzi n'kubwerera, ndipo liwulo limayamba kuzilala nthawi yomweyo. Simungalikweze litabadwa kale. Woimba vayolini kapena chitoliro amatha kugwira liwu limodzi, kulikuza, kulinjenjemeretsa ngati munthu woimba ndi pakamwa. Woimba piyano sangathe. Ndiye wopeka nyimbo amene akufuna kuti piyano ilire ngati munthu ayenera kuchenjera: aipatse manoti ambirimbiri oyenda ngati madzi, kapena aibwereke mpweya kuchokera ku orchestra. Rachmaninoff anali katswiri pa ziwiri zonsezi.

Nkhani ya mmene nyimboyi inabadwira ndi imene imandigwira mtima. Rachmaninoff anabadwa mu 1873, ndipo ali ndi zaka 19 zokha anali atatchuka kale ndi kanyimbo kafupi ka piyano kotchedwa Prelude in C-sharp minor. Mu March 1897 symphony yake yoyamba, nyimbo yaikulu ya orchestra yonse, inaimbidwa ku St Petersburg, woimbitsa ali Alexander Glazunov. Zinthu zinavuta. Oimba sanakonzekere mokwanira, nyimbo inatuluka yosokonekera, ndipo mkazi wa Rachmaninoff anadzanena pambuyo pake kuti Glazunov tsiku limenelo anali atalawa. Wopeka nyimbo wina amene ankalembanso m'nyuzipepala, César Cui, analemba kuti kukanakhala sukulu ya zoimbaimba ku Gehena, wophunzira wake n'kupeka nyimbo ya miliri ya ku Egypt yofanana ndi iyi, anthu a kumeneko akanasangalala nayo. Tangoganizani mnyamata wa zaka 23 akuwerenga zimenezo za ntchito imene anaikapo mtima wake wonse. Symphony imeneyo sinaimbidwenso iye ali moyo. Anadzaiukitsa ku Moscow mu 1945, mwini wake atamwalira, pophatikiza mapepala a oimba amene anapezeka atasungidwa.

Kwa zaka pafupifupi zitatu cholembera chinamukana. Ankaimba piyano, ankaimbitsa m'nyumba ya opera, masewero ochitidwa moimba, ku Moscow, anapitanso ku London mu 1899 kumene analonjeza kuti adzabweranso ndi concerto yatsopano, koma akakhala pansi kuti apeke panalibe chotuluka. Achibale ake ataona kuti munthuyu akutha ndi maganizo, anamutumiza kwa dokotala wina wa ku Moscow dzina lake Nikolai Dahl, amene nayenso ankakonda kuimba. Kuyambira January mpaka April 1900 ankapitako tsiku ndi tsiku. Dahl ankacheza naye, komanso ankamugoneka pampando ali pakati pa tulo ndi maso, njira imene amaitcha hypnosis, n'kumamubwerezera kuti ayamba kulemba concerto yake, ntchito imuyendera mosavuta, ndipo idzakhala yabwino. Rachmaninoff mwini wake anadzavomera kuti zinamuthandiza. Chilimwe cha chaka chomwecho anayamba kulemba. Chodabwitsa n'chakuti anayambira chigawo chachiwiri ndi chachitatu, n'kuziimba pagulu mu December 1900. Choyamba chinabwera pomaliza. Nyimbo yonse inamveka koyamba ku Moscow mu November 1901, iye ali pa piyano, msuweni wake Alexander Siloti akuimbitsa. Patsamba loyamba analembapo dzina la Dahl.

Ndimaiganizira nkhani imeneyi nthawi zambiri, chifukwa tonse tikudziwa munthu waluso amene anagwa kamodzi pamaso pa anthu n'kusiyiratu. Uyu panapezeka abale omuona, ndi dokotala womumvetsera miyezi ingapo osatopa.

Komabe ndikuchenjezeni, achimwene. Rachmaninoff sanasiye nthano yoti noti iyi ndi misozi, iyo ndi kuchira. Mbiriyi imangotsegula khutu, isakumangeni. Nyimboyo imalankhula ngati mmene ng'oma imalankhulira: palibe mawu, koma palibenso amene amasokoneza ya chinkhoswe ndi ya maliro.

Tiyeni tiyende nayo. Poyamba penipeni orchestra ili chete, piyano ili yokha. Imagunda makodi, ndiye kuti manoti angapo olira pamodzi, asanu ndi atatu, pang'onopang'ono, kuyamba monong'ona mpaka kufika pobangula, ndipo pakati pa makodiwo dzanja lamanzere limatsika kukagunda noti ya F wapansi kwambiri, ngati belu lalikulu likuyankha mabelu ang'onoang'ono. Si mwangozi. Ali mwana agogo ake aakazi ankapita naye kumatchalitchi a ku Novgorod, ndipo kulira kwa mabelu a kumeneko kunamukhala m'makutu moyo wake wonse, mpaka mu 1913 anapeka nyimbo yaikulu ya kwaya ndi orchestra yotchedwa The Bells. Ine ndimaimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, ndipo tsiku lina anthu atatuluka ndinayesa makodi amenewa. Kiyibodi yathu ili ndi makiyi 61, pamene piyano yeniyeni ili ndi 88. Dzanja langa lamanzere linapita kukafuna F uja n'kugwera pa pulasitiki, chifukwa makiyi anali atathera kale. Ndinayesa F wapamwamba pake, koma belu lija linasanduka chitini. Ndi pamene ndinamvetsa kuti kulemera konse kwa chiyambichi kwagona pa noti imodzi yapansiyo. Ndiye chonde musamvere pa sipika ya foni, imameza noti imeneyo. Valani mahedifoni.

Mabelu akatha pamachitika chinthu chimene anthu ambiri sachizindikira. Munthu amayembekeza kuti woimba piyano, poti ndiye mlendo wolemekezeka, ndiye ayambitse nyimbo. Ayi. Mayimbidwe aakulu, aatali, olemera ngati anthu akuyenda atasenza katundu, amatengedwa ndi mavayolini, maviola (abale a vayolini okulirapo) ndi clarinet (mtundu wina wa chitoliro). Piyano ili pansi pawo, ikugudubuzika ngati mtsinje wodzaza, nthawi zina osamveka n'komwe. Munthu amene ankatchuka kuti ndi mmodzi mwa akatswiri a piyano padziko lonse, wa manja aakulu otha kutambasuka kuposa a anthu ambiri, anadzilembera nyimbo imene iyeyo akuyamba ngati woperekeza. Kwa ine khalidwe lonse la concerto imeneyi lili pamenepo. Kenako piyano imapeza liwu lake ndi mayimbidwe achiwiri, ofewa, okwera ngati munthu akufunsa funso. Chakumapeto kwa chigawochi mayimbidwe oyamba aja amabwereranso ndi mphamvu, piyano ikuguba pamwamba pawo ngati asilikali, ndipo phokosolo likatsika lipenga lopindika lija, horn, limaimba lokha mayimbidwe achiwiri mochedwa kwambiri. Pamenepo ine ndimasiya chilichonse chimene ndikuchita.

Chigawo chachiwiri ndi chija munachizindikira. Nsambo zimayamba motsitsa mawu n'kukusamutsani kuchoka mu kiyi ya nyimbo yotchedwa C minor kupita mu ya E major, ngati munthu wakutsegulirani zenera m'chipinda chamdima. Piyano imayamba kaphokoso kodekha kobwerezabwereza, kamene Rachmaninoff anakatenga m'kanyimbo kena kamene analembera atsikana atatu apachibale a banja la Skalon mu 1891, koti aimbe onse atatu pa piyano imodzi. Pamwamba pake chitoliro chimalowa, n'kupatsira clarinet, ndipo clarinet ndiyo imaimba mayimbidwe mukuwadziwawo. Kenako amasinthana: piyano imatenga nyimbo, clarinet n'kutenga kuperekeza. Mvetserani kusinthanako. Ndi anthu awiri amene akudziwana mpaka wina amamaliza mawu a mnzake.

Chachitatu sindichedwapo. Chimathamanga, zala zimawuluka, ndipo pakati pake chitoliro china chotchedwa oboe ndi maviola amabweretsa mayimbidwe ena okoma amene amabwera katatu. Kachitatuko aliyense amene ali pabwalopo amaimba nawo, mu C major, kiyi yowala ya C minor ija tinayamba nayo. Imathera pa kugunda kunayi, kumodzi kwakutali, kuwiri kwakufupi, kumodzi kotseka, ndipo okonda nyimbo zake amati ukamvetsera umamva dzina lake: Rach-ma-ni-noff.

Kuti muone kuti ma concerto sali ofanana, mukatha iyi mufune ya Beethoven yachisanu, imene anthu amaitcha Emperor, ngakhale dzinalo sanapereke ndi iye. Anailemba ku Vienna mu 1809, chaka chimene asilikali a Napoleon anaphulitsa mzindawo ndi mizinga, iye n'kukabisala m'chipinda chapansi kwa mng'ono wake atatseka makutu ndi mapilo pofuna kuteteza kumva kochepa kumene kunamutsalira. Ma concerto anayi oyamba anawaimba yekha pagulu, koma iyi ugonthi unamulepheretsa, ndipo ku Leipzig mu 1811 anaiimba ndi Friedrich Schneider. Kumeneko piyano siiperekeza munthu. Orchestra imagunda kodi imodzi, piyano n'kuthamanga kuchokera pansi mpaka pamwamba ngati mwini mudzi akuyendera malire ake, ndipo zimenezi zimachitika katatu nkhani isanayambe. Chigawo chake chapakati chili ngati nyimbo ya m'buku la mapemphero, ndipo pothera pake liwu limatsika theka la sitepe, piyano n'kuyesa mayimbidwe atsopano monong'ona, mokayika, kenako n'kuwaphulitsa osaima. Beethoven amalimbana ndi tsoka lake maso ndi maso. Rachmaninoff amalinyamula n'kuyenda nalo. Ine ndimakonda wachiwiriyu, koma ndikudziwa ena m'gulu muno atsutsa, ndipo ali ndi zifukwa zomveka.

Za amene mungamumvere: Rachmaninoff mwini wake anaijambulitsa mu 1929 ndi Philadelphia Orchestra, woimbitsa ali Leopold Stokowski. Mawu ake ndi akale, amachita kaphokoso, koma mudzadabwa kuti mwini nyimbo saichedwetsa kapena kuililitsa monga achitira ena. Amayenda molunjika ngati munthu wosafuna kumveredwa chisoni. Nthawi imeneyo n'kuti atachoka kale ku Russia. Anatuluka mu December 1917 ndi mkazi wake ndi ana awo aakazi awiri, kusiya munda ndi nyumba ku Ivanovka kumene ankapekera nyimbo zake zambiri, ndipo sanabwererenso mpaka anamwalira ku Beverly Hills mu 1943. Pa zaka zonsezo ali kunja anamaliza nyimbo zatsopano zisanu ndi imodzi zokha. Ankadya za zala zake, kuyenda mzinda ndi mzinda kuimba piyano, ndipo concerto imeneyi inali imodzi mwa zimene anthu ankamupempha kwambiri.

Mukatha iyeyo mufune Sviatoslav Richter, amene anaijambulitsa ku Warsaw mu 1959. Iye amayamba mabelu aja mochedwa kwambiri, moti umadikira F aliyense mtima uli m'mwamba. Muwamvere onse awiri motsatizana, chigawo choyamba chokha, usiku ana atagona, kenako mubwere mutiuze amene wakufikani pamtima. Ndikudikira ndemanga yanu pansipa.