Kuyankha msuweni za CAESAR II

Eee msuweni, ndalimva funso lako lija, loti kodi CAESAR II, pulogalamu ya pakompyuta yowerengera mphamvu zimene zimapanikiza mapaipi, imatha kukuuza ngati paipi iphulike kapena ayi. Hmm. Koma iwe ndimakudziwa, sukufunsa zimenezo ayi, ukufuna ndinene kuti ukhoza kusiya attachment ya kusaiti ija, dzuwa lakukwana, uzingokhala mu ofesi ndi laputopu. Ndikunama?

Chabwino, imatani... umailowetsa kutalika kwa paipi, makulidwe, mtundu wa chitsulo, kutentha, presha, pomwe pali masapoti (zogwirizira paipi), ndiye imawerengera n'kufananiza ndi malamulo a mapaipi a ASME (bungwe la mainjiniya la ku America), B31.3 kapena B31.1 ngati ndi za stimu yopangira magetsi. Paja chitsulo chikatentha chimatalika, paipi ya mamita 100 kutentha kukakwera ndi madigiri 100 imawonjezekera masentimita pafupifupi 12, ndiye kukankha kumeneko kuli ndi kopita.

Ukuwakumbuka amalume, a njinga yopanda mabuleki aja? Nthawi ija asanabwerere kumudzi, nkhani ya munda isana... ayi tizisiye zimenezo, gulupu ino ili ndi makutu. Kufakitale kuja pampu inkangodontha, asintha seal yotchinga kudontha, mwezi osatha yayambanso. Mainjiniya akuti papepala zonse zili bwino. Amalume phee, kungotenga sikuludiraiva, nsonga papaipi chogwirira kukhutu, ngati asing'anga. Anayenda mzere wonse Lachiwiri... ayi linali Loweruka, paja anabwera ndi usipa uja agogo anaukana. Anakapeza sapoti ina yofunika kumatsetsereka wina anaiwotcherera, ati imagwedera. Ndiye paipi ikatentha mphamvu yonse imakathera papampu. Mpaka lero akamwa awiri nkhani ndi yomweyo, ndipo paipiyo imatalika chaka ndi chaka hahaha.

Nanga ndimati chani... eya. Pulogalamuyo paipi imaiona ngati kandodo basi. Dzimbiri siiliona, weld yoipa siiiona, polumikizira paipi ndi thanki nthawi zina pamafunika FEA payokha (kuwerengera kwina kozama, kogawa chitsulo m'tizidutswa ting'onoting'ono), water hammer (kugunda kwa madzi m'paipi akaimitsidwa mwadzidzidzi) ngati sunaiuze ndiye kwa iyo kulibe. Imawerengera paipi imene wajambula iweyo, osati imene ili panja padzuwa ija. Wamva? Ukainamiza nayo ikunamiza, lipoti lokongola loti zonse zapasa. Ndiye kusaiti usasiye mphwanga, Lolemba ubwerere ukaone masapoti ndi maso ako, ukawagwire ndi manja, CAESAR yo ndidzakuonetsa pa Khirisimasi. Uwauze azakhali kuti mayunitsi ndatumiza.